Mathero a Wachipewa Musandiuze

Kambuzuma, Salisbury
12 Okutobala 1975

Msuweni wanga Yosiya,

Moni kwa iwe, kwa mlamu ndi ana, komanso kwa amayi ako, azakhali a Febbie, kumudzi ku Ntcheu. Ife kuno tili bwino monga amakhalira anthu a m'dziko la nkhondo: tikudzuka. Bambo akudya, akuyenda, akukangana ndi wailesi. Maso okha ndiwo apita. Ng'ala yaphimba onse awiri, moti munthu amamuzindikira ndi kakokedwe ka mapazi.

Uwauze azakhali kuti moni wawo wa pa Pasaka unafika, uja woti, "Kamuuzeni mtchona wopanda manyaziyo kuti pamanda pa amayi ake pamera tsekera." Bambo amaubwereza ngati nyimbo ya m'buku. Akuti bola mlongo wawo akutukwana, ndiye kuti kumudzi n'kwabwino. Kodi akadali mayi uja amene anathawa phwando la ukwati wako lisanathe, ati udzu wa kumunda sudikira mkwatibwi?

Ndikudziwa kuti kalata ya ku Halale mumayamba mwaikutumula kuti muone chimene chigwe. Muno mulibe kanthu. Ulendo uno wopempha ndine.

Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, bambo amakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ndi anzawo awiri: a Zakaria, mkulu wa mpingo wogontha khutu limodzi, ndi a Domingo a ku Tete, osoka nsapato pa siteji ya basi. Ine ndimawawerengera mabuku a wofufuza milandu wina wa kutsidya la nyanja. Maso anga amayenda m'Chingerezi, pakamwa pakutuluka Chichewa. Dzina lake lenileni linawakanika madalawa, ndiye anangomutcha Wachipewa, poti pachikuto chilichonse wapendeketsa chipewa kumaso.

Wachipewa si wapolisi. Anali wapolisi, koma tsiku lina anamuuza kuti asaine bodza, iye n'kuvula yunifolomu n'kuisiya pa tebulo la bwana wake. Tsopano ali ndi kaofesi pamwamba pa shopu ya nsomba, mumzinda wa padoko momwe mvula siikata. Amene apolisi amupirikitsa ndiye amakwera masitepe ake. Bondo lake n'lofa, amadya nsomba za m'chitini ndi mpeni ali chiimire, alibe mkazi, alibe mbale, alibe womuopa. Apolisi amamumenya, olemera amamulavulira, iye amadzuka, n'kusansa chipewa, n'kuwayankha mawu aja amene umalakalaka ukanamuyankha kapitawo Lolemba m'mawa. Lamulo lake ndi limodzi: usafunefune amene wanama, poti aliyense amanama, funafuna amene wasiya chizolowezi chake.

Mabukuwa alipo asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu ndinawatola pa Musika, ena opanda chikuto. Lachisanu ndi chitatu latha moipa. Wachipewa amuwombera paphewa, amutsekera m'mimba mwa sitima yapamadzi, sitimayo n'kunyamuka. Basi, tsamba lomaliza. A Domingo anatukwana m'Chipwitikizi. A Zakaria anati ndabisa tsamba. Bambo anakana chakudya.

Lachisanu ndi chinayi kuno kulibe. Chilengezere Azungu akuno ufulu wodzipatsa okha, mayiko anawatsekera malonda, ndipo m'mashopu mwatsala mabuku a kawetedwe ka nkhosa. Kwanuko mabuku akulowa. Dzina lake ndalemba kuseri kwa tsamba lino. Ugule, utumize.

Kwa inu amene mumatsegula makalata athu pa nthunzi ya ketulo, moninso. Wachipewa si chigawenga, musavutike kumusaka.

Ndine msuweni wako,
Tionenji

*

Limbe
2 Novembala 1975

Wokondedwa Tionenji,

Ndikuthokoza Mulungu pomva kuti amalume a Alufandika ali moyo. Ife tonse tili bwino. Mlamu wako akupereka moni.

Buku lako ndalipeza ku Blantyre ndipo ndagula. Lili pa shelefu pambali pa Baibulo, ngakhale sindikudziwa ngati ziwirizi n'zoyenera kugundana. Pachikuto pali munthu wa chipewa ndi mkazi wovala mosalongosoka. Ndamata pepala.

Koma sinditumiza. Ndimvetsere bwino. Amalume anachoka kumudzi ine ndisanabadwe. Mbumba yawo yakula popanda mwini. Milandu ya pabanja timakapempha amuna a eni kuti atiyankhulire. Tsopano ntchito ya m'fakitale ya ku Msasa anapuma, maso apita, ndipo pa wailesi tikumva za nkhondo kumeneko tsiku ndi tsiku. Akudikira chiyani? Nkhalamba imafera kwawo. Akafuna kudziwa za munthu wachipewayo, akwere sitima adzamve ali pakhonde pa kwawo. Ndidzawawerengera ndekha.

Ndikuuzenso monga msuweni. Unali ndi mwayi umene ife sitinaulote, wa yunivesite, n'kuutaya chifukwa cha pakamwa. Lero Chingerezi chonsecho ukuthera pa nthano za akuba. Anthu ochokera kumeneko akuti nkhalambayo ukuikakamira chifukwa nyumba ya ku Kambuzuma ili m'dzina lake. Ine sindikunena kuti n'zoona, ndikungokuuza zimene zikumveka.

Za iwe usade nkhawa. Mwambo wathu ukuudziwa, mwana ndi wa kwa mayi. Abale a malemu amayi ako ku Mrewa adzakusunga.

Msuweni wako mwa Ambuye,
Yosiya

*

Kambuzuma
23 Novembala 1975

Yosiya,

Moni. Ana ali bwanji? Ndafunsa chifukwa anandilera bwino, osati chifukwa kalata yako ikuyenera ulemu.

Ndinawawerengera bambo yonse, osadumpha ngakhale pa mkazi wovala mosalongosoka. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Imvani a Zakaria! Wachipewa anapulumuka apolisi, anapulumuka achifwamba, koma wagwidwa chikole ndi kalaliki wa fodya wa ku Limbe!" A Zakaria anatembenuza khutu lamoyo nati, "Akufuna zingati?" Bambo anati, "Akufuna ine." Pamenepo palibe anasekanso.

Wati mwana ndi wa kwa mayi. Chabwino, ndikuphunzitse zimene sanakuphunzitse ku mishoni. Kwa amayi ndi kwa Ashona, ndipo kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo. Pa maliro a amayi ku Mrewa anandipatsa mphasa kumbali, malume wanga weniweni n'kunena pamaso pa anthu kuti mwana wa Mubhurandaya kwawo ndi ku Blantyre. Ndimo mmene amatitchulira kuno. Tsono kumeneko akuti ndine wanu, inu mukuti ndine wawo. Mitundu iwiri yolemekezeka, miyambo iwiri yakale, yonse yagwirizana chinthu chimodzi: Tionenji ndi wa kwina. Mudzi wanga ndi munthu mmodzi, wakhungu, wokhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ameneyo ndiye ukuti ndimukweze sitima.

Ndipo ukudziwa kuti sitimayo ndi ya ulendo umodzi? Bambo pa chitupa chawo analembedwa mlendo, ngakhale msana wawo unathera m'fakitale za dziko lino. Mlendo wopanda ntchito akatuluka, kubwerera m'tauni muno si kwapafupi. Ine sindingawatsate. Pasipoti anandikana chichokere ku yunivesite.

Za yunivesitezo, poti mwazikonda kumeneko: sindinalephere mayeso. Tinaguba, ena anamangidwa, ine anandiitana n'kundiikira pepala loti ndipepese ndi kutchula anzanga. Ndinawabwezera cholembera chawo. Lero ndimamata mapepala pa zitini za jamu ku Graniteside, ndipo kapitawo wanga satha kulemba dzina langa. Zimandiwawa tsiku lililonse, koma ndi ululu wanga, ndinausankha ndekha. Iwe unasankhapo chiyani?

Nyumba? Zipinda ziwiri ndi mpope wodontha. Koma poti tayamba kunena zomveka, kuno kukumveka kuti mwana wa mlongo ndiye wolowa chuma, ndipo amalume akafera kutali njinga ndi jekete zimasowa panjira. Inenso sindikunena kuti n'zoona.

Bukulo khala nalo. Ulimatenso pepala lina kuti lisazizidwe. Ife tayambiranso loyamba, ndipo likukoma kuposa kale, chifukwa tsopano tikumuona wakuphayo akumwetulira kuyambira tsamba lachitatu.

Tionenji

*

Limbe
21 Disembala 1975

Tionenji,

Moni wa Khirisimasi kwa iwe ndi amalume. Kalata yako inandipweteka, ndipo ndinachedwa kuyankha kuti ndisalembe ndili wokwiya. Njinga ya amalume sindikuifuna. Ndili nayo yanga. Za ku Mrewa sindinkadziwa, ndipo mawu aja ndikanawameza ndikanatha.

Kuno mvula yayamba bwino. Obwera kuchokera ku Ntcheu akuti chimanga chafika m'mawondo ndipo anthu ali pakalikiliki kupalira. Amayi ali pano nafe, mlamu wako akuwasamala. Akupereka moni kwa alongo awo, akuti Mulungu awasunge ndi kuwapatsa mtendere.

Mawu anga sanasinthe. Buku lili pano. Amalume abwere, ndipo asachedwe. Sindinganene zoposa apa.

Yosiya

*

Kambuzuma
11 Januwale 1976

Yosiya,

Moni. Kalata yako inagona panjira. A ketulo anali pa tchuthi.

Ndinaiwerenga ndekha m'basi pochokera ku ntchito, ndipo pofika pa siteji ya a Domingo ndinali nditaona zimene wabisa. Maso a bambo ndine. Ndikanatha kudumpha mizere iwiri, palibe akanadziwa. Sindinadumphe. Ine sindine wa ketulo.

Lero pansi pa mtengo ndinatseka buku n'kunena kuti, "Madala, pali mlandu. Tiuzenge monga Wachipewa." Ndinawerenga kalata yako pang'onopang'ono.

A Domingo anati, "Mnyamatayu wafewa. Wadya chiyani?"

Ine ndinati, "Musayang'ane wonama. Ndani wasiya chizolowezi chake?"

A Zakaria anati, "Wasiya chiyani?"

"Chizolowezi, a Zakaria! Tembenuzani khutu linalo!"

Ndiye ndinawerenga pa zala. Mayi amene anathawa ukwati wa mwana wake chifukwa cha udzu ali ku Limbe mwezi wopalira. Za munda wake womwe akuzimva kwa anthu odutsa. Mayi amene salola mpongozi kumugwirira mtsuko, lero mpongozi akumusamala. Ndipo mayi amene chibadwire changa sanatumizepo moni wopanda chitonzo akuti Mulungu akupatseni mtendere. Ku Limbe kuli chiyani chimene ku Ntcheu kulibe? A Domingo anayankha motsitsa mawu, "Chipatala chachikulu chili pafupi."

Bambo anavula chipewa chawo cha ku tchalitchi n'kuchiika pabondo. Kenako anati, "Febbie wandidalitsa. Ndiye kuti zafika poipa."

Tsono tamvera, kalaliki. Unationa ngati nsomba zoti uziponyere nyambo ya buku. Unalola kuti ndikutukwane za njinga, unalola miyezi ipite, m'malo molemba mzere umodzi woona. Kodi unaganiza kuti anthu amene atha mabuku asanu ndi atatu a Wachipewa angapusitsidwe ndi iwe? Azakhali akudwala chiyani, ndipo madokotala akuti bwanji? Yankha zimenezi zokha. Maulaliki usunge.

Tionenji

*

Limbe
25 Januwale 1976

Iwe Tionenji,

Ndine azakhali ako a Febbie. Akulemba ndi Yosiya, ndipo ndamuuza kuti akasintha liwu limodzi ndidzamuzukira.

Mwanayu umusiye. Ndinamuletsa ndine kunena za matenda, ndipo za bukuzo nzeru zake zinali zanga. Ndili ndi chotupa m'mimba. Anang'amba, anayang'ana, anasoka, n'kundiuza kuti ndizikapuma kunyumba. Ine si mwana, ndikudziwa tanthauzo lake.

Sindinafune kuti Alufandika abwere chifukwa cha chisoni. Munthu amene sanabwere pa maliro a amayi ake, abwere lero kudzandiyang'ana ndi nkhope ya maliro? Ndinati bola abwere chifukwa cha uchitsiru wake womwewo, atsate kabuku monga anatsatira sitima ali mnyamata, tidzatukwanane bwinobwino ngati anthu amoyo.

Ndinamuuza Yosiya kuti andiwerengereko ndimve chimene chalodza mlongo wanga. Tawerenga pang'ono. Sindikuuza ngati wachipewayo watuluka m'sitima. Ndingoti munthuyo ndamudziwa: ndi mtchona. Amadya chiimire, alibe wom'chapira, ndipo ndikhulupirira ali ndi mlongo kwinakwake amene samulembera kalata.

Makalata ako onse anandiwerengera. Pakamwa pakopo si pa ku Mrewa. Ndi pa agogo ako, amayi athu, amene anatukwana wokhometsa msonkho mpaka anaiwala njinga yake pabwalo. Ndinaseka mpaka ulusi unandikoka.

Ndamva kuti mudzi wako ndi munthu mmodzi. Sindikulanda. Ndibwereke. Ndinali naye ine poyamba.

Umuuze mtchona wopanda manyaziyo kuti akachedwa adzapeza tsekera pamanda awiri.

Azakhali ako

*

Kambuzuma
15 Febuluwale 1976

Yosiya,

Moni kwa nonse. Uwauze azakhali kuti chitonzo chawo chinafika bwino ndipo bambo anadya mbale ziwiri.

Akwera sitima Lachitatu, ya ku Umtali mpaka pa Dondo, kenako yokwera kwanuko. A Domingo awaperekeza mpaka pa Mutarara, poti nawonso akufuna kukaona kwawo chichokere Apwitikizi. Kuchokera pamenepo awapereka m'manja mwa kondakitala. Ukawadikire pa siteshoni ya Limbe. Usawagwire pamkono ngati wakuba. Uwapatse phewa lako agwire okha.

Usaganize kuti wapambana. Bambo anandifunsa kuti, "Mayi, ndipite kodi?" Akanamva kuti ayi, akanakhala. Ndinati pitani. Ndanena ndine, osati mwambo wanu, osati nyambo yanu. Ndipo azakhali anena okha liwu lake: kubwereka. Chobwereka chimabwezedwa.

Tsopano za kawerengedwe, poti ndikudziwa udzawononga.

Usawerenge ngati kalata ya Paulo. Wachipewa amayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene dzino likumuwawa. Mkulu wa apolisi umupatse mawu a m'mphuno. Bambo amamutcha Kapitawo, nawenso uzitero. Mayi wa shopu ya nsomba amayankhula ngati azakhali, sudzavutika. Akatukwana, tukwana, ukaika mawu a m'kwaya pamenepo bambo adzadziwa. Mowa wake uziti kachasu. Chipale chofewa usachifotokoze, a Zakaria anatitayitsa Lamulungu lathunthu, uzingoti kunazizira. Ukafika pamene Wachipewa wakhala chete n'kuyang'ana chipewa chake, uime. Bambo amafuna kutchula okha wakuphayo. Nthawi zambiri amalakwa. Usawakonze, buku lidzawakonza.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndicho chachikulu. Mathero ake usandilembere. Usandiuze ngati watuluka m'sitima, ngati wafa, ngati wakwatira mayi wa nsomba. Ndapangana ndi bambo kuti adzandiuza okha, ndi pakamwa pawo, pansi pa mtengo uno. Ine ndawawerengera mabuku asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chinayi adzandiwerengera iwo. Chipewa chawo cha ku tchalitchi achisiya pa msomali. Akuti munthu sapita kutali wopanda chipewa.

Tionenji

*

Ntcheu
18 Epulo 1976

Mayi wanga Tionenji,

Ndine bambo ako. Cholembera chili ndi Yosiya. Uli bwanji mwana wanga? Mpope uja unapeza woukonza? A Zakaria akumva?

Azakhali ako tinawaika mwezi wathawu, kuno kumudzi, pambali pa amayi. Tsekera ndinazula ndekha ndi manja, pogwiragwira. Ndinawapeza amoyo. Nditalowa m'chipinda anati, "Ndani nkhalamba yonyansayi?" Ine ndinati, "Mwamwayi sindikuona, koma mawuwo ndi a mfiti ija ndinaisiya." Tinatukwanana masabata atatu. Sindinakhalepo wokondwa chotero chimwalirire amayi ako.

Buku tinalimaliza iwo akadali ndi nzeru zawo. Yosiya amawerenga ngati akulengeza za chopereka. Lemba momwemo, Yosiya, usandiyang'ane. Koma pofika pakati anayamba kutukwana bwino, mpaka mkazi wake anatulutsa ana. Wakupha ndinamutchula ine, ndinalakwa. Febbie anamutchula, analondola, ndipo anandinyoza nazo mpaka tsiku lomaliza.

Asanatseke maso anaitana mbumba yonse nati munda wawo wa kudambo ndi wa Tionenji. Wina anati mwambo sutero, mwana wa mwamuna salowa pa nthaka ya mbumba. Iwo anati, "Mwambo ubwere udzandiuze wokha." Nkhani inathera pomwepo. Tsono uli ndi munda, mayi, m'dziko limene sunalipondepo.

Zoipa wazimva kale. Malire a Mozambiki anatsekedwa ine ndili kuno, sitima ya pa Dondo siikuyendanso. A Domingo nawo atsekeredwa kwawo. Yosiya wafunsa za ndege. Akuti pafunika chilolezo cha boma la kumeneko, ndipo nkhalamba yakhungu yopanda ntchito siili pa mndandanda wa anthu amene akuwafuna. Anthu kuno akuti ndikhazikike, ndafika. Akundisamala bwino, sindinama. Koma m'mawa ndimamva nkhuku m'malo mwa mabasi a ku Willowvale, ndipo ndimasowa kuti ndili kuti.

Mathero ndili nawo. Yosiya wandinyengerera kuti tingokulembera, poti sitidziwa za mawa. Ndakana. Wonyamula katundu wa mwini safera panjira. Ndimawabwereza tsiku lililonse kuti ndisataye kanthu, ndi mawu a m'mphuno omwe.

Usamuyankhe kwambiri kapitawo. Kapena umuyankhe, koma pang'onopang'ono.

Bambo ako,
Alufandika

*

Kambuzuma
6 Juni 1976

Bambo,

Moni. Ndalira azakhali amene sindinawaonepo, ndipo ndakwiya nawo pondisiya nditangowapeza. Yosiya, poti ukuwerenga ndiwe, moni nawenso. Munda wangawo ulime, chimanga udye, koma ukamadutsa uzidziwa mwini wake.

Mpope ukudonthabe. Mapeyala ayamba kugwa okha. Pansi pa mtengo tatsala awiri ndi makutu atatu. Tili pa buku lachinayi, lija la mkazi wa dokotala, ndipo a Zakaria akuumirira kuti ulendo uno wakupha akhala wina.

Nkhondo yayandikira. Ana a sukulu akusowa m'makalasi, apolisi akuima pa siteji kufunsa zitupa. Ine Lachisanu lililonse ndimapempha theka la tsiku n'kupita ku ofesi ya zilolezo. Ulendo woyamba anati fomu yatha. Wachiwiri anati bwana kulibe. Wachitatu mnyamata wa pawindo anati, "Bambo akowo ndi mlendo, ali kwawo, vuto n'chiyani?" Ndinamuuza kuti mlendoyo anapuma fumbi la ku Msasa mpaka maso kuyera iye asanaphunzire kuvala kabudula. Anandiitanira mlonda. Ndinasansa duku langa n'kubweranso Lachisanu linalo. Tsopano akandiona pa masitepe amabisala kuseri kwa kabati. Adzatopa iwo. Ndinakana kusaina pepala lawo kale. Lero asaina langa.

Pali china choti mudziwe. Dolly, mnzanga wa pa zitini, ali ndi mchimwene wake woyendetsa lole ya ku Joni. Lolemba Dolly anandipatsa kaphukusi kochokera kumeneko akumwetulira. Bambo, ndi buku lomwelo. Lachisanu ndi chinayi, latsopano, lonunkhira inki, mkazi wovala mosalongosoka ali poyera. Ndinayenda nalo m'basi lili pamiyendo ngati khala la moto. Chala chinalowa chokha pakati pa masamba. Ndinachitulutsa.

A Zakaria analinunkhiza lero. Anati, "Mwana wanga, tsamba limodzi lokha. Tingoona ngati akupuma."

Ndinati, "Ayi."

"Ine ndine wamkulu wa mpingo, ndikhoza kufa mawa."

"Mukafa mukafunse azakhali anga, akudziwa."

Anandiitana mwana wouma mtima, anapempherera moyo wanga mokweza, kenako anati nditsegule lachinayi.

Bukulo ndaliika pamwamba pa kabati, ndavundikira ndi chipewa chanu. Silitsegulidwa m'nyumba muno. Boma lino latseka malire, latseka yunivesite pamaso panga, latsegula makalata anga onse, koma ili lokha lotseka ndatseka ndine, ndipo wodzatsegula ndi mmodzi.

Muzidya, muziyenda, muzibwereza mawu a m'mphunowo. Ngati Wachipewa anatuluka m'sitima ija sindikudziwa, ndipo sindikufuna kumva kwa wina aliyense. Mpando wanu uli pomwe munausiya. Lachisanu ndikukweranso masitepe.

Mwana wanu,
Tionenji